Areka ndi makopaletivi ku Karnataka: kodi umembala umachulukitsadi zokolola?

Ntchito yanga ndi yolangiza makopaletivi a alimi, ndipo funso limene silisowa pamsonkhano uliwonse wokopa mamembala ndi ili: "Ndikalowa gulu lanulo, kumunda kwanga kusintha chiyani?" Ambiri a ife timayankha za mtengo wabwino pamsika, koma mlimiyo wafunsa za kumunda. Lipoti lino likuyankha funso lakelo potengera mbewu imodzi, areka, m'chigawo cha Karnataka ku India, kumene ndinakhalako pa ntchito kuyambira mvula isanagwe mpaka nthawi yokolola. Makopaletivi a kumeneko ndi akale, ina yadutsa zaka 100, moti mphamvu zake ndi zofooka zake zili poyera.

Mbewuyo

Areka ndi mtengo wa banja limodzi ndi kanjedza ndi kokonati. Ndi woonda, wowongoka ngati mzati, wopanda nthambi, ndipo ukakula umafika mamita 15 mpaka 20. Zipatso zake zimabwera m'matsango kumtunda kwenikweni, pansi pa masamba. Chipatso chimodzi chimakula ngati dzira la nkhuku, ndipo mkati mwa makoko muli mtedza wolimba umene anthu amatafuna, kawirikawiri ataukulunga m'tsamba la betel pamodzi ndi laimu pang'ono. M'chinenero cha Kannada amautcha adike, m'Chihindi supari. India amakolola areka woposa theka la wa dziko lonse lapansi, ndipo Karnataka ndiyo imatsogola kutalitali m'dzikolo.

Mitengo imabzalidwa motalikirana mamita 2.7 mbali zonse, zimene zimapereka mitengo yoposa 1,300 pa hekitala. Imayamba kubereka pakati pa zaka 5 ndi 7 kuchokera pobzala, kenako imabereka zaka makumi angapo. Apa pali mfundo imene woyeza zokolola asaiwale: manyowa ndi madzi a chaka chino amaonekera m'matsango a chaka chamawa kapena cha mkuja. Si chimanga chimene umaona mphotho ya feteleza nyengo yomweyo.

Kukonza kwake kuli pawiri. M'mbali mwa nyanja, ku Dakshina Kannada ndi ku Kasaragod m'chigawo choyandikana cha Kerala, amadikira zipatso zipse, n'kuziyanika padzuwa masiku 40 mpaka 45, kenako n'kusenda. Areka woyera ameneyu amatchedwa chali. Kumapiri, cha ku Shivamogga, amathyola zipatso zisanakhwimitsitse, kusenda, kuwiritsa, n'kuyanika, ndipo amatuluka wofiira. Ku Sirsi amachita zonse ziwiri.

Makopaletivi ake

Yakale mwa zikuluzikulu ndi Totgars' Cooperative Sale Society ya ku Sirsi, imene anthu amangoti TSS, yoyamba mu 1923. Ku Shivamogga kuli MAMCOS ya mu 1939. Yotchuka kwambiri ndi CAMPCO, imene inakhazikitsidwa ku Mangaluru pa 11 July 1973 motsogozedwa ndi Varanashi Subraya Bhat, mothandizidwa ndi maboma a Karnataka ndi Kerala. Inabadwa m'mavuto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mtengo wa areka pamsika unagwa kwambiri moti alimi ena anafika poganiza zodula mitengo yawo. CAMPCO inalowa pamsika ngati wogula wamkulu wa alimi eni ake, ndipo amalonda anasiya kudzitchulira mtengo okha.

Pansi pa zikuluzikuluzi pali makopaletivi a ngongole a m'midzi, ndipo amenewa ndiwo mlimi amakumana nawo mlungu ndi mlungu: kumeneko amatenga ngongole ya ulimi, feteleza, laimu ndi mankhwala. Boma la Karnataka limalipirira chiwongola dzanja pa ngongole za ulimi zodutsa m'makopaletivi amenewa, moti mlimi wobweza pa nthawi yake salipira chiwongola dzanja mpaka malire ena ake.

Mabanja awiri

Ndinatsatira mwachidwi minda iwiri yoyandikana m'dera la Puttur, ku Dakshina Kannada. Kukula kwake kunali kofanana, dothi lofiira lomwelo, madzi a chigwa chimodzi. Poyamba ndinauzidwa kuti mwini munda woyamba ndi membala ndipo wachiwiri si membala, ndipo ndinasangalala kuti ndapeza chitsanzo choyera. Nditafunsitsa ndinapeza kuti onse awiri ali ndi masheya m'kopaletivi ya m'mudzi. Wachiwiriyo anachita kusiyiridwa ndi bambo ake. Kusiyana kunali kwakuti woyamba ankagula, kubwereka ndi kugulitsa kudzera m'kopaletivi, pamene wachiwiri kwa zaka zingapo ankagulitsa kwa wamalonda wina amene anamubwereka ndalama pa ukwati wa mwana wake wamkazi. Ngongole ya kukopaletivi anali ataphonya kubweza, ndiye khomo la ngongole yatsopano linali lotseka. M'kaundula ndi membala, koma m'zochitika ali kunja.

M'madera amenewa zotere n'zofala, ndipo zikutanthauza kuti funso lakuti "ndinu membala?" lokha silithandiza. Lofunika ndi lakuti "areka wanu wa chaka chatha anapita kuti, ndipo ndalama ya mankhwala munaitenga kuti?"

Masabata amene amagamula chaka chonse

Mvula ya kumeneko imayamba kumayambiriro kwa June ndipo imagwa mwamphamvu mpaka September. Areka amafuna madzi ambiri, komatu walira mvula walira matope. Mvula yomweyo imabweretsa matenda amene Akannada amati koleroga, ndipo ku Kerala amati mahali. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa chuku kotchedwa Phytophthora. Pa chipatso chaching'ono pamabwera banga lonyowa pafupi ndi phesi, chimatuwa, kenako chimagwa. Chaka choipa munda ungataye mpaka zipatso 90 pa 100 zilizonse.

Mankhwala ake si achilendo. Katswiri wa ku Canada, Leslie Coleman, amene ankagwira ntchito mu dipatimenti ya zaulimi ya ku Mysore, dera limene lero lili m'Karnataka, anafufuza matendawa cha m'ma 1910 ndipo analimbikitsa kupopera msakanizo wotchedwa Bordeaux. Mpaka lero ndi yomweyo: kilogalamu 1 ya copper sulphate, kilogalamu 1 ya laimu, malita 100 a madzi. Kupopera koyamba kuyenera kuchitika mvula ikangotsala pang'ono kukhazikika, kwachiwiri pakatha masiku 40 mpaka 45. Mankhwalawa amateteza, sachiritsa. Matendawa akalowa kale m'tsango, kupopera kumangochepetsa kufala.

Ndinaona akusakaniza m'munda woyamba. Copper sulphate uja, amene ndi mwala wabuluu, anaunyika usiku m'kansalu m'chidebe cha pulasitiki, laimu payekha m'chidebe china, ndipo m'mawa anathira madzi abuluuwo mu laimu uku akuvundula ndi ndodo. Atatha, mwini munda anatenga mpeni wonolanola n'kuuviika. Anautulutsa, n'kuuyang'ana padzuwa. Mpeni ukatuluka ndi utoto wofiirira ndiye kuti laimu wachepa, ndipo mankhwalawo angawotche zipatso. Unatuluka woyera, ndipo anagwedeza mutu kwa mnyamata wopopa.

Vuto lili pofikitsa mankhwalawo mamita 15 m'mwamba. Pamafunika munthu wokwera. Amamanga chingwe kumapazi, amakwera mtengo woterera ndi ndere, amakhala pa kathabwa kokoleka, ndipo ali pamenepo amapopera matsango a mitengo yozungulira ndi paipi imene mnzake akupopa ali pansi. Anthu odziwa ntchito imeneyi achepa, ambiri ndi achikulire, ndipo achinyamata akupita ku mzinda waukulu wa Bengaluru kapena ku maiko a Aluya. M'masabata awiri kapena atatu amenewo mudzi wonse umafuna munthu yemweyo. Iye amayamba ndi amene akulipira pompopompo.

Mwini munda woyamba anali atagula copper sulphate ndi laimu ku kopaletivi mu May, pa ngongole ya ulimi. Ndalama ya wokwera anaipeza pogulitsa matumba ochepa a areka wake amene anali m'nkhokwe. Anapopera kumwamba kukali mitambo chabe. Mnansi wake anadikira wamalonda uja kuti amuonjezere ndalama, ndipo itapezeka wokwera anali ndi mzere wa minda ina. Tsiku lake litafika mvula inali itakhazikika, yogwa usana ndi usiku, ndipo mankhwala opopera pa zipatso zonyowa samata. Kumapeto kwa July ndinayenda m'munda mwake. Pansi panali zipatso zobiriwira mbwee, zina zitachita ubweya woyera, fungo ngati la zinyalala zonyowa. Mkazi wake ankazitola m'dengu kuti akazitaye kutali. Kudzera mwa womasulira ndinati, "Pepani bambo, chaka chino chavuta." Anangoloza kumwamba ndi chibwano.

Munthuyu amadziwa koleroga kuposa ine. Sikuti anasowa ulangizi, ndipo akanaitanidwa ku maphunziro akanatha kuphunzitsa ndi iyeyo. Chimene anasowa ndi ndalama m'sabata yoyenera. Pa zonse zimene ndinaona, apa ndi pamene umembala wogwira ntchito umakhudza makilogalamu mwachindunji: kopaletivi siwonjezera zipatso pa tsango, koma imathandiza kuti zimene mtengo wabereka zisagwe.

Makopaletivi aona kuti mankhwala opanda wokwera ndi achabe. Ena, mogwirizana ndi malo a kafukufuku, akhala akuphunzitsa achinyamata kukwera. Kwabweranso ndodo zazitali zopepuka za carbon fibre, zimene amazitcha doti, zopopera ndi kuthyolera munthu ali pansi, ngakhale n'zodula moti mlimi wamng'ono sangagule yekha. Mlimi wina wa ku Bantwal, Ganapathi Bhat, anatchuka mu 2019 atapanga makina a injini okwerera mtengo wa areka. Kopaletivi imene ili ndi gulu la anyamata ake ndi zida zake, n'kumalemba mayina a minda motsatana, ikuchita za phindu pa zokolola kuposa imene ikungogulitsa mankhwala pa kauntala.

Nkhokwe ndi chikole

Areka wouma bwino amasungika, ndipo chali wakale amagulidwa mokwera kuposa watsopano. Pamsika amasiyanitsa hosa adike, watsopano, ndi hale adike, wakale. Nthawi yokolola, kuyambira November mpaka cha m'ma February, aliyense amafuna ndalama yolipira okwera ndi osenda, ndiye wofooka amagulitsa nthawi yomweyo. Makopaletivi monga TSS ndi MAMCOS amalandira matumba a membala m'nkhokwe zawo, amamupatsa ngongole matumbawo ali chikole, ndipo iye amasankha yekha tsiku logulitsa. Pa tsikulo matumba amapatsidwa nambala, ogula amalemba mitengo yawo mobisa, wokweza ndiye amatenga, ndipo mlimi ali ndi ufulu wokana ngati mtengo sunamukomere. CAMPCO imagula mwachindunji m'nthambi zake ndipo mtengo wa tsikulo umadziwika kwa aliyense.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za msika, osati za zokolola. Koma ndalama imene yapulumuka apa ndi imene imabwerera kumunda. Malangizo a kafukufuku amati mtengo umodzi wobereka ulandire pa chaka magalamu 100 a nayitrojeni, 40 a fosifeti ndi 140 a potashi, kuphatikizapo makilogalamu 12 a masamba aawisi ndi 12 a manyowa. Chulukitsani ndi mitengo 1,300, muone kuti manyowa okha ndi matani oposa 15 pa hekitala, oti asenzedwe pamutu m'malo otsetsereka. Kuyambira December mpaka May kulibe mvula yodalirika, ndipo mtengo wosathiriridwa umayoyola maluwa. Mwini munda woyamba anali ndi mthirira wa mapaipi, wogula pa ngongole ya zaka zingapo. Wachiwiri ankathirira ndi ngalande, ndipo potashi, amene ndi wodula, ankamudumpha zaka zina. Mitengo yake inkaoneka: thunthu lopyapyala kumtunda, matsango aang'ono.

Chinanso chimene sindinkachiyembekezera: mtengo wa kopaletivi umathandiza ngakhale osagulitsa kumeneko. Wamalonda wa mlimi wachiwiri sakanatha kutsika kwambiri pansi pa mtengo wa CAMPCO, chifukwa aliyense amauona pafoni. Izi ndi zabwino kwa alimi, koma kwa woyeza zimachepetsa kusiyana pakati pa membala ndi wosakhala membala, ndipo phindu la kopaletivi limaoneka laling'ono kuposa mmene lilili.

Mbewu zapansi

Munda wa areka wosamalidwa bwino sukhala wa areka yekha. Pa thunthu pamayanga tsabola wakuda, pakati pali nthochi, koko wopangira chokoleti, ndipo kumapiri kuli cardamom wonunkhiritsa zakudya. Nkhani ya koko ndi yophunzitsa. Alimi analimbikitsidwa kumubzala pansi pa areka m'zaka za m'ma 1970, koma mtengo wake utagwa padziko lonse cha m'ma 1980 ogula aakulu anabwerera m'mbuyo, alimi n'kutsala ndi koko m'manja. CAMPCO inayamba kumugula, ndipo mu 1986 inatsegula fakitale ya chokoleti ku Puttur. Pambuyo pake inayambanso kugula labala ndi tsabola. Mlimi sasunga mbewu imene alibe kokaigulitsa, choncho msika umenewu ndiwo unasunga koko m'minda yambiri. Masamba a koko akayoyoka amaphimba nthaka ndi kusunga chinyezi. Amene akuwerenga makilogalamu a areka okha pa hekitala saona zonsezi.

Kulakwitsa kwanga

Ndivomereze kuti poyamba ndinachita zimene ambiri timachita. Ndinafunsa alimi angapo matumba amene anakolola, ndinawagawa m'magulu awiri, ndipo ogulitsa kudzera m'kopaletivi anaoneka apamwamba. Ndinatsala pang'ono kulemba kuti umembala ndiwo wachititsa. Mlembi wina wachikulire wa kopaletivi ya m'mudzi ataona pepala langa anandifunsa mwaulemu ngati ndinalemba zaka za mitengo. Sindinalembe. Anafunsanso za mtundu. Sindinalembenso.

Mafunso akewo anali olasa. Mtundu wa Mangala, umene unatulutsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuchokera ku malo a kafukufuku a ku Vittal, pansi pa bungwe lofufuza za mbewu la CPCRI la ku Kasaragod, umayamba kubereka msanga ndipo umapereka chali wa makilogalamu pafupifupi 3 pa mtengo pa chaka, pamene wamakolo wa m'deralo amapereka pafupifupi 2. Pambuyo pake kunabwera Sumangala, Sreemangala ndi Mohitnagar. Kilogalamu imodzi pa mtengo, pa mitengo 1,300, ndi matani oposa 1 pa hekitala, kusiyana kobwera ndi mbande chabe. Munda wa mitengo ya zaka 8 sungafanane ndi wa zaka 20. Ndiponso mlimi amene ali ndi chitsime chosaphwa, chikalata cha malo cha m'dzina lake, ndi mwana wolembedwa ntchito m'tauni, ndi amene amabweza ngongole pa nthawi yake ndi kukhalabe membala wabwino. Kodi wakolola zambiri chifukwa ali m'kopaletivi, kapena ali m'kopaletivi chifukwa amakolola zambiri? Zonse ziwiri zimachitika nthawi imodzi, ndipo pepala langa silikanatha kuzilekanitsa.

Chigamulo changa, kuchokera pa zimene ndinaona, n'chakuti phindu la umembala pa zokolola lilipodi koma silifanana kwa onse. Wolemera akanapopera pa nthawi yake ngakhale kopaletivi kulibe. Wosaukitsitsa, wa ngongole yophonya kapena wolima malo a dzina la malemu agogo ake, safika n'komwe pa kauntala. Amene amasinthidwa kwenikweni ndi wapakati, amene akanatha kugwera uku kapena uku malinga ndi mmene thumba lilili mu May.

Pamene kopaletivi ilibe mphamvu

Ku Sringeri, Koppa ndi Sullia kuli matenda achikasu cha masamba amene akhala akupha minda kwa zaka zambiri. Masamba amachita chikasu, mtedza umada ndi kufewa, mizu imawola, ndipo mankhwala ochiritsa palibe. Kumeneko membala ndi wosakhala membala amalira limodzi. M'zaka zaposachedwa kwabukanso matenda a mawanga pa masamba m'madera a mapiri.

Palinso vuto lobadwa ndi kupambana komweko. Mtengo wabwino wakopa alimi a kuzigwa zouma, ku Davanagere, Chitradurga ndi Tumakuru, kubzala areka modalira zitsime zakuya. Chaka cha chilala madzi apansi amathawa, ndipo anthu amagula madzi a m'mathanki kuti mitengo isafe. Kopaletivi yopereka ngongole yokumbira chitsime chachitatu pamalo otere ikuthandiza membala lero, koma ikuumitsa chitsime cha mnansi wake, amenenso mwina ndi membala.

Za mtengo wa pamsika, makopaletivi amalimbana ndi areka wotchipa wolowa kuchokera ku Myanmar, Indonesia ndi kwina, wina mozembetsa. Boma la India limaika mtengo wotsikitsitsa wa areka wochokera kunja, ndipo mu February 2023 linaukweza kuchoka pa marupi 251 kufika pa 351 pa kilogalamu. Mawu a makopaletivi ndi ena mwa amene amamveka pa nkhani zoterezi, ndipo mlimi mmodzi payekha sakanafika ku Delhi.

Nkhani imene atsogoleri a makopaletivi sakonda kuimva ndi ya umoyo. Nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, mu 2004 inaika areka m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'kamwa, ngakhale wopanda fodya. Kuyambira 2012 zigawo zambiri za India zinaletsa gutka, msakanizo wa areka ndi fodya, ndipo Karnataka inaletsa mu 2013. Atsogoleri a alimi amatsutsa, amati choipa ndi fodya ndi zina zosakanizamo. Ine monga mlangizi sindingabise kuti umboni wa azaumoyo ndi wolemera, ndipo kopaletivi imene ikuuza mamembala kuti aonjezere mitengo yobereka zaka makumi angapo iyenera kuwauzanso zimenezi. M'maso mwanga, kugula koko ndi tsabola ndi chinthu chanzeru kwambiri chimene CAMPCO inachitira mamembala ake, kuposa kukangana ndi madokotala.

Zimene ndasintha pa fomu yanga

Funso la umembala ndaligawa patatu: masheya alipo, ngongole ili bwino kapena inaphonyedwa, ndi gawo la zokolola limene linadutsa m'kopaletivi. Ndimalemba chiwerengero cha mitengo yobereka, zaka zake ndi mtundu wake, ndipo zokolola ndimaziwerenga pa mtengo umodzi, osati pa ekala. Ndimalemba tsiku lenileni limene munda unapoperedwa koyamba ndi tsiku limene mvula inakhazikika. Ndimalemba mwezi umene mlimi anagulitsa. Ndimawerenga tsabola, koko ndi nthochi. Ndipo sindigamula kanthu ndi chaka chimodzi, chifukwa chaka cha mvula yochepa koleroga sasautsa, ndipo minda iwiri ija ikanaoneka yofanana.

Kwa oyendetsa kopaletivi ya m'mudzi uja ndinasiya pempho limodzi: copper sulphate, laimu ndi malo pa mzere wa wokwera zisamangiriridwe ku ngongole yakale. Membala wophonya azipatsidwa zimenezi padera, mtengo wake n'kudzadulidwa pa matumba oyamba amene adzabweretse. Mlembi uja anati komiti idzaopa kuti matumbawo adzapita kwa wamalonda monga kale, ndipo mantha akewo ndi omveka. Tinagwirizana kuti ayese ndi mabanja ochepa. Pamene ndinkachoka, m'bwalo la mlimi wachiwiri munali areka woyanika amene sanadzaze ngakhale theka la bwalolo, ndipo dzina lake linali loyamba pa pepala la oyeserawo.